Makina Ochekera Mitengo Akatsamwa ndi Petulo

Mcheki wa matabwa wa ku Chikangawa kapena pa phiri la Zomba amadziŵa kuŵaŵa kwake kwa tsiku limene makina ake akana kulira. Amakoka chingwe kakhumi konse, thukuta lili kamukamu, koma chotulukapo ndi fungo la petulo lokha. Ambiri akafika pamenepa amayesa kuti makina afa, nayamba kupotokola tizomangira ta pa kabuleta. Kumeneko ndi kulakwa, pakuti kaŵirikaŵiri injiniyo siinaonongeke ayi, koma yangotsamwa ndi petulo.

Injini imalira pamene petulo wochepa wasakanizika ndi mpweya wambiri, pulagi nkuthetheta moto. Ntchito ya tchoki ndiyo kutseka njira ya mpweya kuti injini yozizira ikoke petulo wochulukirapo. Tsono injini ikangotsokomola kamodzi, tchoki iyenera kutsegulidwa nthaŵi yomweyo. Munthu akapitiriza kukoka chingwe tchoki ili chitsekere, petulo amadzaza m'silinda, pulagi imanyowa, ndipo moto suthethekanso. Zomwezi zimamgwera wotseka tchoki injini ikadali yotentha.

Mankhwala ake ngosavuta. Mcheki amange buleki ya tcheni, azimitse switchi, ndipo akhale patali ndi moto ndiponso anthu osuta fodya. Amasule pulagi, aipukute mpaka iume, ndipo aone ngati kampata ka kumlomo kwake kali pafupifupi theka la milimita. Asanaibwezere, akoke chingwe kangapo tchoki ili yotsegula kuti petulo wotsalira atuluke. Switchi ikhalebe yozima, chifukwa kamoto kamodzi kokha nkokwanira kuyatsa nthunzi ya petulo. Akabwezera pulagi ayatse switchi, nakoka chingwe osatsekanso tchoki. Injini imadzuka ndi chiutsi chambiri, chimene sichichedwa kutha.

Koma alipo makina ena otsamwa tsiku ndi tsiku ngakhale mwini wake asamale chotani. Poyambira kufufuza ndi pa sefa ya mpweya, popeza utuchi ukaitseka, sefayo imagwira ntchito ya tchoki mwini wake osadziŵa. Sefa ikapezeka yoyera, ndiye kuti mlandu uli m'kabuleta.

Kabuleta wa makinaŵa alibe kambale kosungira petulo konga ka pa njinga yamoto, chifukwa makinaŵa amacheka atapendekeka, mwinanso chadodolido. M'malo mwake muli kachikopa kopyapyala kamene kamakankha kachitsulo, ndipo kachitsuloko kamakweza kasingano kotsegula njira ya petulo. Kamchenga kamodzi kakakhala pansi pa kasinganoko, kapena nsonga yake ikadyeka, petulo amangoloŵa ngakhale injini ili chete. Kachikopa nakonso kakauma gwa, kasingano sikatseka bwino. Zikatero palibe kupotokola kumene kungathandize. Kabuleta ayenera kutsukidwa ndi mmisiri, naikidwa kachikopa ndi kasingano katsopano.

Kuuma kwa kachikopaku kuli ndi chifukwa chake m'Malaŵi muno. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo wotere akagonera miyezi m'kabuleta amaononga kachikopa. Motero makina oti asungidwa nthaŵi yaitali ayenera kukhuthulidwa thanki, kenaka asiyidwe alire mpaka azime okha.

Oyilo wosakaniza ndi petulo nayenso ali ndi muyeso wake. Makina ambiri a Stihl ndi Husqvarna amafuna mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo. Wothira mongoyerekeza ndi maso amadetsa pulagi ndi mwaye, ndipo pulagi yakuda siichedwa kunyowa.

Kunena za tizomangira tija, tiŵiri tolembedwa L ndi H ndi timene timayesa petulo woloŵa mu injini. Mcheki amene wamangitsa ka H pofuna kuthetsa kutsamwa amamana injini petulo pamodzi ndi oyilo wake yemwe, ndipo pisitoni imapsa makina ali pakati pa chipika.