Nkhawa Yokhalitsa ndi Thupi la Mlimi

Mlimi akaona njoka pakati pa mizere amadzidzimuka, mtima nkuyamba kugunda mofulumira. Njokayo ikalowa m'thengo, thupi limabwerera mwakale. Koma nkhokwe ikauma mu Disembala, mvula itadula, ngongole ya feteleza ikudikira, mantha sachoka usana ndi usiku. M'madera mwathu muno zoterezi zinagwera mabanja ochuluka pa chilala cha 1991/92, ndipo zimabwerera pa nyengo ya njala iliyonse.

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatulutsa adrenaline ndi cortisol. Timadzi timeneti timachulukitsa shuga m'magazi, timathamangitsa magazi, ndipo timachedwetsa ntchito yogaya chakudya kuti munthu apeze mphamvu zothawira. Kwa kanthawi kochepa zimenezi zimapulumutsa moyo. Zikapitirira miyezi ingapo zimawononga. M'chaka cha 1936 Hans Selye, ku Montreal, anaonetsa kuti makoswe osautsidwa kwa nthawi yaitali amatupa tiziwalo timeneti ndi kuchita zilonda m'mimba. Kwa munthu zotsatira zake ndi kuthamanga kwa magazi, litsipa, kusowa tulo ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi. Ku Ohio, m'chaka cha 1995, anapeza kuti bala laling'ono la amayi odwazika matenda okhalitsa linkatenga masiku 9 oonjezera kuti lipole. Alangizi a m'midzi imene inasakazidwa ndi Edzi sangadabwe nazo.

Maganizo nawo salimba. Munthu amaiwala msanga, amapsa mtima ndi zazing'ono, ndipo za chaka chamawa sazilabadira chifukwa za lero zamudzaza m'mutu. Ashona amati kufungisisa, ife timati wadwala maganizo. Tsono mlimi wosiya kubwera kumunda wachitsanzo, kapena woiwala mlingo wa feteleza umene munamuuza dzana, musafulumire kumulemba kuti ndi waulesi. Nthawi zambiri cholakwa chimakhala chathu: timatula malangizo khumi nthawi imodzi mu Januwale, anthu akugona ndi njala.

Motero nkhani zofuna kulingalira mofatsa, monga kusankha mbewu ndi kutenga ngongole, zikambidwe atangokolola. Pa nyengo ya njala perekani mfundo imodzi, muibwereze ulendo wotsatira. Ndipo mukamva mlimi akunena zodzipha, musazitenge ngati nthabwala: mankhwala a mbozi ali m'nyumba mwake momwemo. Uzani abale ake awasungire kutali, ndipo muperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.