Kufunafuna Nsima ya Kwathu mu Mzinda wa Blantyre

Ambiri a inu mumafika mu mzinda wa Blantyre pa zifukwa zosiyanasiyana. Ena mumadzadikirira matenda ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene akuluakulu amachitchula kuti ku Gulupu. Ena mumadza ndi mabelo a fodya ku okushoni ku Limbe, ena kudzapikula katundu, enanso kudzafuna ntchito. Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti mu mzindawu mudali anthu opitirira pang'ono 800,000, ndipo ochuluka mwa iwo ali ndi mudzi umene amautchula kuti kwathu. Dzuwa likafika paliwombo, mlendo ndi wantchito yemwe amakhala ndi funso limodzi: kodi ndikadya kuti nsima yonga ya kwathu, pa mtengo woti ndingathe, ndi kuchokapo osadwala?

Tisadapite patali, timvane za chakudya chimene tikunena. Sitikunena za m'mahotela zodyera mpeni ndi foloko ayi. Tikunena chakudya chija munthu akadya mtima umakhala pansi, chifukwa chamukumbutsa mphika wa amayi ake. Chakudyachi sichikhala chimodzi kwa onse. Wa ku Nkhata Bay amalakalaka kondowole ya usipa wauwisi. Wa ku Karonga maganizo ake amakhala pa mpunga wa kilombero kapena pa nthochi zophika ndi nyama. Wa ku Thyolo ndi ku Mulanje mupatseni nandolo, wa ku Kasungu nkhwani wotendera, wa ku Chikwawa mlamba wowamba. Zonsezi zimapezeka mu mzindawu, koma sizilembedwa pa zikwangwani za m'mbali mwa msewu.

Blantyre ndi mzinda wa mitu iwiri. Mbali ya Blantyre idayamba ndi mishoni ya azungu a ku Scotland m'chaka cha 1876, mbali ya Limbe idakula ndi njanji, ndipo ziwirizi zidalumikizidwa m'chaka cha 1956. Pakati pake ndi m'mbali mwake muli malo okhala anthu ambiri monga Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi Mbayani. Malo odyera amamera pamene pali anthu a njala ya tsiku ndi tsiku: kuseri kwa msika wa Limbe, m'kati mwa msika wa Ndirande, pafupi ndi mafakitale a ku Makata, ku Ginnery Corner, ndiponso pa depoti ya Wenela, imene idatenga dzina lake ku bungwe lija linkalemba anthu opita ku migodi ya ku Joni. Ena mwa malowa ndi malesitilanti a matebulo ndi mipando. Ena ndi aja a chiimilire, kumene munthu amadya mbale ili m'manja. Palinso memo, pamene antchito amasonkherana ndalama kuti munthu mmodzi aziwaphikira masana.

Tsono mfundo yaikulu ya nkhani yathu nayi. Wophika amene amadyetsa anthu odutsa, monga a paulendo, amadziwa kuti amene wadya lero mawa adzakhala ali ku Mzuzu, ndipo sadzabweranso kudzadandaula. Koma mayi amene amaphikira amakaniki a pagalaja, osoka zovala a pakhonde ndi onyamula katundu a pamsika, amaona nkhope zomwezo kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Akangowapatsa nyemba zosasa kamodzi, mawa lake mabenchi ake akhala opanda munthu, ndipo mbiri ifika msika wonse dzuwa lisadalowe. Sitikunena kuti onse ophika pafupi ndi depoti ndi osasamala, popeza alipo ambiri okhulupirika. Tikunena kuti wophikira anthu omudziwa ali ndi omuyang'anira tsiku lililonse, kuposa mmene woyendera malo wa ku khonsolo angachitire. Choncho ntchito ya mlendo ndi kupeza kumene eni dera amadya.

Adanena akale kuti safunsa adadya phula, komatu kufunsa kuli ndi njira yake. Mukafunsa kuti, "Kodi lesitilanti yabwino ili kuti?" munthu ayamba wayang'ana nsapato zanu ndi jekete lanu, kenaka akulozerani kumene akuganiza kuti ndi koyenera ulemu wanu, kumene iye mwini sadalowemo chibadwire. Funsani motere: "Pepani bambo, kodi inuyo masana mumadya kuti?" Oyenera kufunsidwa ndi alonda, akabaza, oyendetsa maminibasi ndi osoka nsapato. Koma oposa onsewa ndi amayi ogulitsa masamba ndi tomato pamsika. Iwo ndiwo amadziwa wophika amene amabwera m'mamawa kudzasankha chisoso ndi bonongwe wothyola kumene, ndi wina amene amadikira madzulo kuti atole zofota pa mtengo wotsika. Chinsinsi cha khitchini iliyonse chili ndi amene amaigulitsa ndiwo.

Mukalozeredwa malo, samalani nthawi yofikira. Mwa ambiri a malowa mphika waukulu umaphulidwa nthawi ikamayandikira 12 koloko, ndipo pofika 2 koloko zokoma zimakhala zitatha. Wofika mochedwa amapeza nsima itauma pamwamba ndi msuzi wothiridwa madzi kuti ukwanire. Nkhaniyi siyakukoma kokha. A zaumoyo amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, ndipo ngati chisungidwa, chikhale chotentha kupitirira madigiri 60, chifukwa chikangofunda tizilombo toyambitsa matenda timaswana msanga. Mpunga ndi nyemba ndizo zimavuta kwambiri, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Mbale ikabwera yosatuluka nthunzi, muli ndi ufulu wopempha mwaulemu kuti ibwerere pamoto. Ndipo malo amene ndiwo zimawathera tsiku lililonse musawanyoze. Kutha kwa ndiwo ndi umboni wakuti mawa sadzakupatsani mkute.

Musadaitanitse kanthu, yang'anani madzi. Sitidaiwale mliri wa kolera umene udayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka m'chaka cha 2023. Udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Kolera imayenda ndi madzi ndiponso manja, ndipo ife nsima timadya ndi manja. Malo abwino amakuthirirani madzi osamba m'manja kuchokera m'jagi, kapena amakhala ndi ndowa ya mpopi ndi sopo pakhomo. Beseni limodzi loti aliyense aviikemo manja, ngakhale tidakula nalo, pa malo a anthu ambiri ndi loopsa. Suzumiraninso kumene akutsukira mbale. Ngati madzi ake achita kuyera ndi nsima ndi mafuta, ndipo mbale zikungoviikidwa ndi kupukutidwa ndi kansalu kamodzi, tsanzikani bwinobwino muzipita. Chiphaso cha khonsolo chopachikidwa pakhoma ndi chizindikiro chabwino ndithu, koma chiphaso sichitsuka mbale. Utoto wowala ndi wailesi ya kanema pakona nazonso zisakunyengeni, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ambiri mwa malo okoma ndi a malata akale ndi mabenchi a matabwa, koma pansi ndi posesa, miphika ndi yovundikira, ndipo wolandira ndalama si yemwe akuomola nsima.

Tsopano tifike pa nsima yeniyeniyo. Pali ufa wa mitundu itatu umene mudzakumana nawo. Ufa woyera ndi wa chimanga chokonola, choviika masiku angapo, choyanika ndi kugayitsa; nsima yake ndi yofewa, ya kafungo kaja ambiri timakakonda. Gramilu ndi wokonola koma wosaviika. Mgaiwa ndi wogaya chimanga chathunthu, ndipo ngakhale ena amaupeputsa, ndiwo uli ndi chakudya chambiri ndipo umakhalitsa m'mimba. Wophika wodziwa ntchito amakufunsani kuti mukufuna iti. Nsima yakupsa imadziwika potema: siikakamira m'manja, ilibe mibulu, ndipo siinunkha ufa wauwisi. Kuti itero, phala liyenera kuwira mokwanira ufa wina usadathiridwe, ndipo mthiko uyenera kugwira ntchito. Wophika wothamangira makasitomala, kapena woumira makala, amadula nthawi ya phala, ndipo zotsatira zake mudzazimva m'mimba madzulo.

Luso la wophika limaonekera pa ndiwo zotsika mtengo. Nyama yokazinga m'mafuta ambiri aliyense angathe kuikometsa. Koma lawani nyemba: kodi zapsa mpaka msuzi wake kulemera wokha, kapena zafewetsedwa ndi soda wambiri kuti zipse msanga? Lawani masamba otendera. Nsinjiro zabwino zimanunkhira mtedza, pamene zowawa zimasonyeza kuti mudalowa mtedza wachuku, umene uli woipa m'thupi la munthu. Therere la chidulo kapena la soda wapang'ono limakhala lobiriwira, losaluma lilime. Mayi amene amasamala chigwada ndi kholowa, ndiwo zimene phindu lake ndi lochepa, simungamukayikire pa nkhuku.

Pa nkhuku ndi pa chambo m'pamene mlendo amapusitsidwa kawirikawiri. Nkhuku ya chikuda imatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ikule, pamene yoyera ya m'khola imakwana m'masabata asanu ndi limodzi okha. Nchifukwa chake ya chikuda imakwera mtengo. Mudzaizindikira ndi mafupa olimba, mnofu woderako ndi msuzi wonunkhira wosasowa zokometsera. Kunena za chambo, nsombayi idachepa kwambiri m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, kotero kuti zambiri zimene zimatchedwa chambo m'tauni ndi nsomba zoweta m'makhola a panyanja kapena makumba a m'maiwe. Nsomba zowetazo zilibe choipa, ndipo zikaphikidwa bwino zimakoma. Choipa ndi kulipira mtengo wa chambo cha m'nyanja pa nsomba ina. Ngati thumba lili lopepuka, usipa wofutsa, utaka kapena matemba a ku Chilwa, zothira tomato ndi tsabola wa kambuzi, sizichititsa manyazi munthu aliyense.

Mtengo funsani musadasambe m'manja, ndipo funsani bwino ngati masamba ndi nyemba zili pa mtengo womwewo kapena n'zapadera. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse m'mwezi wa Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 mu Novembala 2023, mafuta ophikira, ufa ndi makala zidakwera, ndipo ophika adagawikana pawiri. Ena adakweza mtengo poyera nasiya mbale monga idaliri. Ena adasiya mtengo pomwepo koma mtanda udachepa, nthuli idasanduka fupa, msuzi nkukhala madzi ofiira. Kwa ine woyambayo ndiye wachilungamo, ndipo mbale yotsika mtengo kopitirira muyeso iyenera kukupatsani mafunso, makamaka ikakhala ya nyama. Amene muli ndi malamulo a chipembedzo pa zakudya, musachite manyazi kufunsa. Ku Limbe makamaka kuli malo ambiri a Asilamu kumene nyama yake ndi yozinga mwa lamulo lawo ndipo nkhumba siifikako.

Mukapeza malo okukomerani, bwereraniko, ndipo mupatseni moni mwini wake monga mungachitire ndi mayi a kwanu. Pakatha sabata adzakhala atadziwa kuti inu mumafuna mgaiwa, kuti tsabola simudya, ndipo tsiku lina adzakusungirani nkhoko kapena chiwindi popanda kupempha. Apa m'pamene zakudya za kwanu zenizeni zimayamba kupezeka. Kondowole, mwachitsanzo, siiphikidwa tsiku lililonse m'malo ambiri a mu Blantyre, chifukwa ndi yolemera kuvundula, siiphikika bwino mumphika waukulu, ndipo oifuna ndi ochepa. Kalongonda naye amafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo kuti asaledzeretse, motero palibe amene angamuphike mongoyembekeza kuti mwina wogula abwera. Koma kasitomala wodziwika akanena lero kuti mawa akufuna zakutizakuti, kapena akabwera ndi kathumba ka ufa wa chinangwa kamene abale amutumizira pa basi kuchokera ku Chintheche, mayi uja amamuikira kamphika kapadera pambali pa mphika waukulu, ndipo amangomuuza nthawi yoti afike isadazizire.