Mmene Alembi a Mabuku Amagwirira Nchito Yao

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, tengani buku liri lonse limene liri pafupi nanu, mutsegule tsamba loyamba. Pansi pa dzina la bukulo mupeza dzina la munthu. Ambiri a ife timalumpha dzinalo ndi kuthamangira nkhani, ngati kuti buku limamera lokha monga bowa pa culu. Koma munthu ameneyo anakhala pa mpando masiku ambirimbiri, colembera ciri m'manja, ndipo masiku ena anadzuka pa mpandopo atalemba mizere itatu cabe, iwiri ya iyo ataifafaniza. M'nkhani ya lero tifuna kuona mmene masiku a munthu wotere amayendera, kuyambira pamene ayamba kulemba kufikira pamene buku lituluka. Titsata makamaka mlembi mmodzi, Chinua Achebe wa ku Nigeria, cifukwa mbiri ya buku lake loyamba ndi yodziwika bwino, ndiponso cifukwa bukulo linatsala pang'ono kutayika lisanasindikizidwe.

Coyamba cimene muyenera kudziwa ndi cakuti alembi ambiri sadya za mabuku ao, makamaka poyamba. Amakhala ndi nchito yina imene imawapatsa cakudya, ndipo kulemba amakucita pa nthawi imene anzao akupumula. Samuel Josia Ntara, amene analemba Nthondo, buku la Cinyanja limene linasindikizidwa m'caka ca 1933 litapambana pa mpikisano, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma ku Nyasaland. Kuno kwathu Dominic Mulaisho anali ndi udindo waukulu m'nchito za boma pamene buku lake, The Tongue of the Dumb, linatuluka m'caka ca 1971.

Achebe nayenso anali munthu wa pa nchito. Anabadwira ku Ogidi m'caka ca 1930, ndipo atate ake anali mphunzitsi wa mishoni. Atatsiriza maphunziro pa koleji ya Ibadan m'caka ca 1953, anaphunzitsa miyezi yowerengeka, ndipo m'caka ca 1954 analowa nchito pa wailesi ya Nigeria mu mzinda wa Lagos. Nchito yake inali kukonza nkhani zoti ziwerengedwe pa wailesi, monga ino imene mukuwerengayi. Nchito yotere imaphunzitsa munthu kulemba ndi khutu, pakuti ciganizo cimene cioneka cabwino pa pepala nthawi zina cimatsamwitsa wocilankhula. Amene mwawerengako mabuku a Achebe mwaona mmene anthu ake amayankhulira ngati anthu enieni okhala pa bwalo.

Nanga cinamcititsa kulemba n'ciani? Ali ku koleji anawerenga mabuku onena za Africa olembedwa ndi Azungu, limodzi la iwo linali Mister Johnson la Joyce Cary. Anthu akuda a m'mabukumo sanafanane ndi anthu amene iye anawadziwa ku Ogidi. Cotero anatsimikiza mtima kulemba yekha nkhani ya anthu akwao, Aigbo, ndi mmene moyo wao unasinthira atafika amishoni ndi boma la Angelezi. Masana anali ku wailesi. Akaweruka, m'malo mopita kukaceza, anali kukhala pansi ndi mapepala ake, kulemba ndi dzanja.

Pano tiime pang'ono tione za tsiku limodzi la mlembi, cifukwa ndi pamene anthu ambiri amanamizidwa. Amaganiza kuti mlembi amadikira kuti nzeru imgwere, ndipo ikamgwera amalemba usiku wonse osatopa. Zoterezo zimacitika kamodzi-kamodzi. Mabuku ambiri amalembedwa monga mmene munda umalimidwira, mzere umodzi lero, wina mawa.

Ku England kunali mlembi wina, Anthony Trollope, amene anagwira nchito ya positi kuyambira 1834 mpaka 1867. Iye yekha anafotokoza kacitidwe kake m'buku la mbiri ya moyo wake, limene linatuluka m'caka ca 1883 iye atamwalira. Anali kukhala pa tebulo nthawi ya 5.30 m'mamawa, ndipo anali kulipira wanchito wake mapaundi 5 apadera pa caka kuti azimdzutsa ndi kumpatsa khofi. Theka loyamba la ola anali kuwerenga zimene analemba dzulo lake. Kenaka anali kuika wochi patsogolo pake ndi kudzilamula kulemba mau 250 pa mphindi 15 ziri zonse. Maola atatu akakwana anali kusiya, n'kupita ku nchito ya positi. Buku likatha nthawi isanakwane, anali kutenga pepala latsopano ndi kuyamba lina m'mawa womwewo. Mwa njira imeneyi analemba mabuku a nthano 47. Ana a Giredi 6 ndi 7, yesani kuwerengera mau amene iye anali kulemba pa ola limodzi, ndipo muyerekeze ndi mau amene ali pa tsamba limodzi la kope lanu.

Achebe sanali wotero. Pamene anafunsidwa atakalamba za kalembedwe kake, ananena kuti iye si munthu wolawirira m'mamawa, kuti amayamba dzuwa litakwera ndipo angathe kupitiriza mpaka usiku, ndiponso kuti sawerenga mau amene walemba pa tsiku. Cimene anali kudzikakamiza ndico kukhala pa nchitoyo, kaya tsikulo zikuyenda kaya sizikuyenda. Ine ndiona kuti anthu awiriwa sasiyana kwenikweni. Wina anali ndi wochi, wina analibe, koma onse anali kubwerera ku tebulo tsiku limene sanafune kubwererako. Ngakhale kusowa kwa tebulo ndi mapepala sikunaletse ena. Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya, atatsekeredwa m'ndende ya Kamiti pa 31 December 1977, analemba buku lathunthu m'cinenero cake ca Cigikuyu pa mapepala a kucimbudzi, ndipo bukulo linasindikizidwa m'caka ca 1980.

Tibwerere kwa Achebe. Zimene analemba poyamba zinali zazitali kwambiri, pakuti anafuna kusimba za banja limodzi kuyambira kwa agogo mpaka kwa mdzukulu m'buku limodzi. Ali m'kati mwa nchitoyi anatumizidwa ku London kukaphunzira za wailesi ku BBC, ndipo ananyamula mapepala ake. Kumeneko anawaonetsa mmodzi wa aphunzitsi ake, Gilbert Phelps, amenenso anali mlembi wa mabuku. Phelps anakondwera nawo, nafuna kuwapereka msanga kwa osindikiza. Mnyamata wina akanalumpha ndi cimwemwe. Achebe anakana, nati nchito sinathe. Atabwerera ku Lagos anacotsa mbali zonse zonena za mibadwo ya pambuyo, nasiya nkhani ya munthu mmodzi yekha, Okonkwo. Kenaka anaonjezera apa, nakonza apo, nasanjanso mitu yake.

Kucotsa kumeneku ndiko gawo lowawa koposa pa nchito ya mlembi. Kulemba tsamba kumatenga tsiku. Kuvomera kuti tsambalo, ngakhale liri lokoma, likucedwetsa nkhani ndipo liyenera kucoka, kumafuna mtima wolimba. Ernest Hemingway wa ku America ananena kuti tsamba lotsiriza la buku lake, A Farewell to Arms, la m'caka ca 1929, analilemba ka 39 asanakhutire nalo.

Aphunzitsi, apa pali nkhani yathu. Tikapatsa ana cimangirizo, timafuna kuti acilembe kamodzi kokha, coyera, copanda cofafaniza, ndipo mwana amene wadula mau ndi kulemba ena pamwamba pake timamdzudzula kuti ndi wauve. Motero mwanayo amaphunzira kuti ganizo loyamba kufika m'mutu ndilo lotsiriza, ndipo amaopa kusintha ngakhale ataona yekha kuti liu lina likanakhala bwino. Ukhondo wa m'kope ndi wofunika, sitikana. Koma mulole mwana ayambe walemba pa pepala lapadera, kapena ku masamba a kumapeto kwa kope, adule ndi kusintha mmene afunira, awerengere mnzake mokweza, ndipo pambuyo pake ndiye alembe zoyera. Nthawi idzapita yambiri, ndipo zimangirizo za pa temu zidzacepa, koma zocepazo zidzakhala zake za mwanayo.

Tsono m'caka ca 1957 Achebe anali ndi buku lotha, lolembedwa ndi dzanja. Osindikiza salandira zolemba pamanja, amafuna zotaipa. Iye anaona cilengezo ca kampani yina ya ku London imene inali kutaipa zolemba za anthu, natumiza mapepala ake pa positi pamodzi ndi ndalama zimene anamlipiritsa. Mapepala amenewo anali okhawo. Analibe ena otsala m'nyumba. Sabata zinapita, miyezi inapita, kuli zii. Analemba makalata ofunsa, koma osayankhidwa. Taganizani munthu amene wakolola munda wake wonse, waika m'ngolo ya mlendo, ndipo ngoloyo yazimirira pa njira.

Mwayi wake unali wakuti mkulu wake wa pa nchito, mai wina wa Cingelezi, anali kupita ku London kukapumula. Achebe anamdandaulira, ndipo maiyo anapita yekha ku kampaniyo. Anapeza mapepala aja ali pa ngodya ya ofesi, palibe amene anawakhudza. Anawakalipira kwambiri, ndipo posacedwa Achebe analandira buku lake lotaipidwa. Patapita zaka, atafunsidwa cimene akanacita mapepalawo akanatayika, iye anayankha kuti mwina akanataya mtima ndi kuleka kulemba. Masiku ano alembi ambiri amalemba pa kompyuta, ena pa foni, ndipo sasowanso wowataipira. Koma foni imabedwa ndipo kompyuta imafa, cotero mlembi wanzeru amasungabe zolemba zake pa malo awiri kapena atatu.

Kutaipa kutatha, panatsala kupeza wosindikiza. Makampani angapo a ku London analikana bukulo, ena poganiza kuti nthano yolembedwa ndi munthu wa ku Africa singagulidwe. Potsiriza linafika ku kampani ya Heinemann. Kumenekonso anazengereza, kufikira mlangizi wao wa za maphunziro, amene anali atangobwera kumene kucokera ku West Africa, analiwerenga naliyamikira kwambiri.

Musaganize kuti wosindikiza akavomera ndiye kuti mlembi wapumula. Pa buku liri lonse pamakhala mkonzi amene amawerenga liu ndi liu, kufunsa cifukwa cake munthu amene pa mutu wacitatu anali ndi ana anai, pa mutu wacisanu ali ndi atatu. Zikakonzedwa, osindikiza amatumiza masamba oyesera kuti mlembi awawerengenso ndi kugwira zolakwa zisanalowe m'mabuku zikwizikwi. Pofika apa mlembi amakhala atawerenga nkhani yakeyo kambirimbiri mpaka kutopa nayo, ndipo maso ake amalumpha zolakwa cifukwa akuwerenga zimene ziri m'mutu mwake, osati zimene ziri pa pepala. N'cifukwa cake pamafunika maso a munthu wina. Mutu umodzi susenza denga.

Things Fall Apart linatuluka pa 17 June 1958. Anasindikiza mabuku 2,000 okha. Achebe anali ndi zaka 27, ndipo anapitiriza nchito yake ya pa wailesi monga kale. Mapepala aja anacotsa sanawataye: nkhani ya mdzukulu wa Okonkwo anaikonzanso, ndipo inatuluka m'caka ca 1960 ndi dzina lakuti No Longer at Ease. M'caka ca 1962 a Heinemann anayamba kutulutsa mndandanda wa mabuku ochipa a alembi a ku Africa, wochedwa African Writers Series. Buku loyamba pa mndandandawo linali Things Fall Apart, ndipo lacinai linali Zambia Shall Be Free la Kenneth Kaunda. Kwa zaka 10 Achebe anali mlangizi wa mndandanda umenewu, kuwerenga zolemba za alembi ena acinyamata monga mmene Phelps anawerengera zake. Mmodzi wa acinyamatawo anali Ngũgĩ yemwe uja, amene buku lake, Weep Not, Child, linatuluka m'caka ca 1964.

Lero Things Fall Apart linamasuliridwa m'zinenero zoposa 50, ndipo ambiri a inu mudzakumana nalo ku sekondale. Komabe ngakhale mlembi wochuka cotere, kutsiriza buku sikunamkhalire kwapafupi. Pakati pa 1958 ndi 1966 anatulutsa mabuku a nthano zazitali anai. Kenaka m'caka ca 1967 kunabuka nkhondo ya Biafra, imene inasakaza dziko la kwao ndi kupha bwenzi lake, wolemba ndakatulo Christopher Okigbo. M'zaka zotsatira Achebe analemba ndakatulo, nthano zazifupi, mabuku a ana ndi nkhani za maphunziro, koma buku lacisanu la nthano yaitali, Anthills of the Savannah, linatuluka m'caka ca 1987, patapita zaka 21. Limenelo ndilo linali lotsiriza la mtundu umenewu. Anamwalira ku Boston, m'dziko la America, m'caka ca 2013.