NKHAWA SIIGWETSA MVULA: PEMPHERANI KHASU LIRI M'MANJA

CHONGWE: Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa nkuyamba kuswa mtengo, anthu ambiri m'midzi ya m'boma lino sagona tulo tokwanira. Bambo atembenuka-tembenuka pamphasa nawerenga mumtima matumba a cimanga amene atsala. Mai aganizira za mbeu, feteleza ndi yunifomu ya ana a sukulu. Onse awiri ali ndi funso limodzi: kodi mvula idzagwa bwino caka cino?

Nkhawa imeneyi iri ndi pocokera. M'nyengo ya dzinja ya 2023 mpaka 2024 mvula inadula kwa masabata ambiri mu Januwale ndi Febuluwale, cimanga cisanakhwime. Pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco cinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo mbeu za m'mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi zinapserera. Cigawo ca Lusaka, m'mene muli Chongwe, cinali pakati pa zigawo zimene zinavutika kwambiri. Akulu-akulu akumbukiranso cilala ca 1992, pamene anthu anadya nsima ya cimanga cacikasu cocokera kunja.

Koma nkhawa ikakhazikika mumtima imadya mwini wake. Munthu asowa tulo, cakudya sicikoma, mtima ugunda msanga, ndipo kanthu kakang'ono kabutsa ndeu panyumba. Ena athamangira ku mowa, ena agulitsa mbuzi ndi ng'ombe pamtengo wozizira cifukwa ca mantha cabe. Pomwepo mphamvu imene ikadagwira nchito kumunda yathera m'maganizo.

Makolo a Asoli, eni dziko la Chongwe, anaudziwa bwino mankhwala a vuto limeneli. Mvula ikayandikira, iwo acita mwambo wa Chakwela Makumbi, dzina limene litanthauza kukoka mitambo. Pamwambowo Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II itsogolera anthu kupempha mvula kwa Mulungu kupyolera mwa makolo. Mapemphero akatha, Mfumu siibwerera kukakhala pansi ndi kuyang'ana kumwamba. Ipita kumunda, igwira khasu, nibzala mbeu zoyamba pamaso pa anthu ake. Pemphero ndi khasu ziyendera pamodzi tsiku lomwelo.

Apa pali phunziro kwa yense amene nkhawa yamgwira. Zinthu zobvutitsa mtima ziri m'miyulu iwiri. Mulu woyamba ndi wa zinthu zimene munthu sangazisinthe: tsiku limene mvula idzayamba, kucuruka kwake, kutentha kwa dzuwa. Izi nzoyenera kuzitula kwa Mulungu ndi kuzisiya komweko. Mulu waciwiri ndi wa zimene ziri m'manja mwathu: munda, mbeu, nkhokwe ndi ndalama. Ambiri alakwa pakusenza mulu woyamba usiku wonse, kuiwala waciwiri umene uyembekeza manja ao m'mawa.

M'mera mpoyamba. Mlimi wanzeru akonza munda mvula isanagwe. Bungwe la Conservation Farming Unit, limene linayamba nchito muno m'Zambia mu 1996, linaphunzitsa alimi ambiri kukumba maenje m'cilimwe, m'mizere yotalikirana masentimita 90, dzenje liri lonse kutalikirana ndi linzake masentimita 70. Maenjewo asunga madzi ndi manyowa pamizu, ndipo mlimi abzala ndi mvula yoyamba yeni-yeni, osayembekeza ng'ombe za mnansi. Mapesi asatenthedwe, pakuti aphimba nthaka kuti cinyontho cisathawe msanga.

Si bwino kuika moyo wa banja lonse pa cimanga cokha. Mapira, nyemba, kandolo ndi cinangwa zipirira dzuwa pamene cimanga cagonja, ndipo mbeu ya cimanga yoca msanga ipulumuka m'caka ca mvula yocepa. Amene afuna kuphunzira zambiri sasowa kopita. Alangizi a zaulimi ali m'madera mwathu, ndipo sukulu ya Kasisi Agricultural Training Centre, imene Ajezuiti anaiyambitsa mu 1974 m'boma lomwe lino, iphunzitsa alimi ang'ono-ang'ono kupanga manyowa ndi kubwezera nthaka mphamvu yake popanda kudalira feteleza wogula.

Pokolola, banja liyambe lapatula cakudya cofikira nyengo ina yokolola, ndipo zotsala ndizo zigulitsidwe. Cimanga ciume bwino ndi kutetezedwa kwa anankafumbwe. Amai ambiri apeza thandizo m'cilimba ndi m'magulu osunga ndalama a m'mudzi, kotero kuti matenda kapena maliro akagwa mwadzidzidzi saturuka kukagulitsa thumba lotsiriza. Buku la Genesis lisimba za Yosefe, munthu woopa Mulungu, amene anasunga tirigu m'Ejipito zaka zisanu ndi ziwiri za mwana alirenji, ndipo njala itafika anthu anapulumuka. Cikhulupiriro cake sicinamletse kumanga nkhokwe.

Mutu umodzi susenza denga. Nkhawa ikula kwambiri mwa munthu amene aibisa. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi madzulo, awerengere pamodzi zimene ali nazo ndi zimene zisoweka, nagwirizane nchito imodzi yoti aicite mawa. Akatero apemphere ndi kugona. Kucalichi, kumzikiti ndi m'magulu a amai muli anthu amene anapyola m'mabvuto omwewo, ndipo kulankhula nao kupepuza mtima.

Komabe pali nkhawa ina imene iri matenda. Ngati munthu wakhala masabata angapo osagona, osadya, osatha kugwira nchito, kapena wayamba kunena zodzipha, abale asazengereze ndipo asamseke. Apite naye ku kiliniki yapafupi kapena ku cipatala ca boma ku Chongwe. Ofunika thandizo lalikuru atumizidwa ku Chainama Hills mu Lusaka. Kulandira mankhwala sikutanthauza kuti cikhulupiriro cacepa.

Awerengi athu okondedwa, mitambo siyendera mau a munthu. Koma mvula yoyamba ikadzagunda padenga, adzagona tulo tabwino ndi iye amene maenje ake ali okumba kale, mbeu iri m'nyumba, ndipo zotsalazo anazisiya m'manja mwa Mwini mvula.