Jenereta ndi Ziwiya za Kukhitchini Magetsi Akazima

Lero tikambirane za jenereta, pakuti ena a inu amene mumasunga mkaka kapena katemera wa chitopa m'firiji mwagula makinawa.

Jenereta ili ngati ng'ombe ya pangolo, katundu akachuluka imagwada. Yang'anani nambala yolembedwa pambali pake. Zazing'ono zija sizipitirira mawati 1,000. Firiji imadya mawati 150 kapena 200 basi, koma poyamba kulira imakoka mphamvu yotere katatu. Chotero yambani kulumikiza firiji payokha, mababu pambuyo. Ketulo ndiye mdani, chifukwa imafuna mawati pafupifupi 2,000, ndipo mbaula ya magetsi ndi chimodzimodzi. Nsima phikani pamoto, ndi tiyi yemwe.

Musalowetse jenereta m'khitchini poopa akuba. Mu utsi wake muli mpweya wosanunkha umene umapha anthu ali m'tulo. Ikhale panja, kutali ndi mazenera. Kunena za akubawo, tcheni ndi loko zilipo.

Inu mafumu, letsani anthu anu kulumikiza jenereta pasoketi ya pakhoma. Magetsiwo amabwerera m'mawaya a kumsewu ndi kupha munthu amene wakwera pholo kukakonza.