Chimfine Chatha Koma Chifuwa Sichikutha: Kodi Tichite Chiyani?

Nyengo yozizira ikafika, makamaka miyezi ya June ndi July, anthu ambiri amadwala chimfine. Ulendo wina mtsikana amene amatsogolera nyimbo pa zisudzo za kalabu ya m'dera langa anadwala chimfine kwa sabata imodzi. Mamina anasiya, mutu unaleka kuwawa, koma mawu ake anasasa ndipo chifuwa sichinathe. Anzake anayamba kunong'onezana kuti mwina watenga kachilombo. Iye atamva, anasiya kubwera ku kalabu, n'kumangomwa mankhwala ogula pagolosale. Nkhani ngati iyi ndimakumana nayo kawirikawiri pa ntchito yanga ya ulangizi wa zaumoyo, choncho ndati tikambiraneko, achinyamata anzanga.

N'chifukwa chiyani mawu amasasa?

M'kholingo mwathu muli timinofu tiwiri timene timanjenjemera mpweya ukamadutsa, ndipo kunjenjemerako ndi kumene kumatulutsa mawu. Mavairasi oyambitsa chimfine akafika pamenepa, timinofuti timatupa. Tikatupa sitigundana bwino, ndiye mawu amatuluka osasa, mwinanso kutsekekeratu. Kutsokomola kwambiri, kukuwa ku mpira ndi kuimba mokakamiza kumawonjezera kutupako. Nthawi zambiri mawu amabwerera okha pakatha sabata imodzi kapena awiri.

Nanga chifuwa chimatsaliranji?

Chimfine chimasiya njira za mpweya zitanyuka, monga khungu limakhalira chilonda chikangopola kumene. Kafumbi pang'ono, utsi wa nkhuni kapena mphepo yozizira ya m'mawa zimayambitsa kutsokomola. Mamina otsalira amatsikiranso kummero munthu akagona, n'chifukwa chake chifuwa chotere chimavuta usiku. Chikhoza kukhalapo masabata angapo, koma chizindikiro chake ndi chakuti chimanka chichepa tsiku ndi tsiku, munthu akudya bwino, akugwira ntchito zake, thupi losatentha.

Zimene mungachite kunyumba

Pumitsani mawu. Lankhulani pang'ono ndiponso motsitsa, koma osanong'ona, chifukwa kunong'ona kumatopetsanso timinofu tija. Imwani madzi ambiri. Madzi ofunda othira mandimu ndi uchi amafewetsa kummero, koma uchi musapatse mwana wosakwana chaka chimodzi. Mukhozanso kuchukucha kummero ndi madzi ofunda othira mchere pang'ono. Pewani fodya, mowa ndi kukhalitsa m'khitchini mofuka utsi.

Musathamangire kugula Bactrim kapena Amoxyl. Mankhwalawa amapha mabakiteriya, pamene chimfine chimayamba ndi mavairasi, ndiye sakuthandizani. Kuwamwa mwachisawawa kumachititsa kuti tsiku limene mudzawafunedi asadzagwire ntchito. Koma amene ali ndi kachilombo ka HIV ndipo amalandira Bactrim kuchipatala kuti azimwa tsiku lililonse, apitirize monga anauzidwira.

Ndi liti pamene muyenera kupita kuchipatala?

Ngakhale chifuwa chotsalira ku chimfine chimatha chokha, inu panokha simungachisiyanitse ndi chifuwa chachikulu cha TB pongomva katsokomoledwe. Choncho mukatsokomola masabata awiri kapena kuposerapo, kayezetseni makhololo. Musadikire ngati pali zizindikiro izi: kutentha thupi kosatha, kutuluka thukuta usiku mpaka kunyowetsa zofunda, kuonda popanda chifukwa, kusafuna kudya, kapena magazi m'makhololo. Kubanika popuma ndi kumva kubaya m'chifuwa kungakhale chibayo, ndipo kumafunika chithandizo tsiku lomwelo.

Mawu akasasa kupitirira masabata atatu, kaonaneninso ndi achipatala. TB imatha kugwira kholingo, ndipo TB yotere imapatsirana mosavuta. Pena vuto limakhala chilungulira, pena fodya. Zoyera ngati mkaka m'kamwa ndi kummero, pamodzi ndi kupweteka pomeza, zimasonyeza kuti mwina chitetezo cha m'thupi chatsika.

Kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV malangizo ndi osiyana. Iwo asawerenge masabata ayi. Chifuwa chilichonse, ngakhale cha masiku ochepa, akachinene kumene amalandira ma ARV. Kachilomboka kamafooketsa chitetezo cha m'thupi, motero TB imalowerera msanga, ndipo ndiyo nthenda imene imapha kwambiri anthu amene ali ndi HIV padziko lonse.

Kuchipatala kumachitika zotani?

Mudzapatsidwa kabotolo koti mulavuliremo makhololo ochokera pansi pa chifuwa, osati malovu. M'zipatala zambiri makhololowa amayezedwa ndi makina a GeneXpert, amene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linawavomereza mu 2010. Makinawa amapeza tizilombo ta TB m'maola pafupifupi awiri, ndipo amaonetsanso ngati TB yake ili yosamva mankhwala ena. Ngati chipatala chili kutali, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, chifukwa m'midzi ina muli malo otolerako makhololo. Mudzalangizidwanso kuyezetsa magazi kuti mudziwe ngati muli ndi HIV kapena ayi.

Kuyezetsa ndi mankhwala a TB ndi zaulere m'zipatala za boma. Mankhwalawa amamwedwa tsiku lililonse, nthawi zambiri kwa miyezi 6. Munthu amayamba kupeza bwino pakangopita masabata ochepa, ndipo apa ndi pamene ena amalakwitsa n'kusiya. Kusiyira panjira kumabweretsa TB yosamva mankhwala, yovuta kuchiza. Amene wapezeka ndi TB pamodzi ndi HIV amalandira chithandizo cha zonse ziwiri. Kuno ku Malawi ma ARV anayamba kuperekedwa ulere mu 2004, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachilomboka amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Aliponso mankhwala oteteza ku TB amene amaperekedwa kwa anthu amene ali ndi HIV koma alibe TB.

Tisalozane zala

Kutsokomola si umboni wakuti munthu ali ndi HIV. Ambiri odwala TB alibe kachilomboka, ndipo ambiri amene ali nako satsokomola n'komwe. Njira yodziwira ndi imodzi basi, kuyezetsa magazi. Tikamaseka mnzathu, iye amabisala kunyumba, ndipo ngati ili TB amapatsira abale ake amene amagona nawo chipinda chimodzi. Mnzanu akamatsokomola, mulimbikitseni, mumuperekeze kuchipatala. Pamisonkhano ya kalabu tsegulani mawindo kapena khalani panja, ndipo wotsokomola atseke pakamwa ndi kansalu kapena mkono.

Mtsikana uja ndinakamuyendera kwawo, ndipo tinagwirizana kuti akayezetse. M'makhololo mwake simunapezeke TB. Anayezetsanso magazi, koma zotsatirazo ndi chinsinsi chake. Anapumitsa mawu masabata awiri, ndipo lero akutsogoleranso nyimbo. Akanapezeka ndi TB akanayamba mankhwala nthawi ikadalipo.

Pamsonkhano wanu wotsatira funsanani: kodi alipo pakati pathu kapena kunyumba kwathu amene watsokomola masabata awiri? Ngati alipo, mawa lomwe apite akayezetse. TB imachizika, ngakhale kwa munthu amene ali ndi HIV.