Thanki ya chimbudzi ikamadontha, phindu limathera ku bilu

Eni malo odyera ndi ogona alendo amadabwa bilu ya madzi ikakwera pomwe makasitomala sanachuluke. Nthawi zambiri wakuba amakhala thanki ya chimbudzi.

Pofuna kutsimikiza, mwini malo athire utoto wa zakudya m'thankimo n'kudikira mphindi 20 osagejemula. Utotowo ukatsikira m'chimbudzi, ndiye kuti labala ya pansi pa thanki yatha. Atseke madzi, akhuthule thankiyo, kenako apite ndi labala yakaleyo ku hardware kuti akagule ya saizi yomweyo.

Madzi akamasefukira m'kapaipi ka m'thanki, vuto ndi mpira woyandama, ndipo umangofunika kuutsitsa pang'ono.

Labala amagula kamodzi, koma bilu imabwera mwezi ndi mwezi.